Alendo Othandiza Ana Asukulu Aonetsedwe Zoona

Chaka ndi chaka, makamaka m'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti pamene maiko a ku Ulaya ali patchuthi, pabwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi ndiponso la Chileka ku Blantyre pamatsika alendo amene sanapondepo nthaka ya Malawi chibadwire. Ameneŵa si amalonda kapena akazembe ayi. Ambiri mwa iwo ndi aphunzitsi, anamwino opuma pantchito, amayi a m'mipingo ndi ophunzira a m'makoleji, amene kwa zaka zingapo akhala akusonkha ndalama kudzera m'mabungwe achifundo kuti mwana wa kuno, amene amangomudziwira pachithunzi, apitirize sukulu. Amabwera kudzaona ndi maso awo kumene thukuta lawo likupita. Kalandiridwe ka alendo otere ndi nkhani yokhudza dziko lonse, pakuti zimene iwo akanene kwawo zingathe kutsegulira kapena kutsekera ana ambiri khomo la sekondale.

Thandizo la mtundu umenewu si lachilendo m'mbiri ya dziko lino. M'chaka cha 1897 John Chilembwe adapita ku America pamodzi ndi Joseph Booth, ndipo Akhristu a mpingo wa Baptist kumeneko adamuthandiza kuphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia. Atabwerako mu 1900 adakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu. Nayenso Dr. Hastings Kamuzu Banda, Pulezidenti woyamba wa dziko lino, adapita ku America mu 1925 mothandizidwa ndi mpingo wa African Methodist Episcopal, ndipo adamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College mu 1937. Amene adawathandizawo sadadziwe kuti akulera atsogoleri a mtundu. Chomwechonso palibe amene angadziwe lero chimene mtsikana wa Fomu 2 pasukulu yoyendera ya kumudzi adzakhale mawa.

Kufunika kwa thandizoli kudakula kwambiri kuyambira mu 1994, pamene maphunziro a pulayimale adakhala aulere ndipo chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Malo m'sukulu za sekondale sadachuluke mofulumira chomwecho, ndipo mwana amene wasankhidwa amafunikabe yunifomu, nsapato, makope, sopo, ndalama yoyendera, ndiponso ya chakudya ndi malo ogona ngati ali pasukulu yogonera konko. Kwa banja lodalira munda wa chimanga, zimenezi ndi katundu wolemera. Mpata umenewu ndi umene mabungwe monga CAMFED, limene lidayamba ntchito yothandiza atsikana m'dziko muno mu 2009, pamodzi ndi timagulu tambiri ta mipingo ndi sukulu za kunja, akuyesetsa kutseka.

Za ulemu kwa mlendo, Mmalawi sachita kuphunzitsidwa. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Chofunika ndi kukumbukira kuti wobwera koyamba sadziwa zambiri zimene eni dziko amaziyesa zodziwikiratu. Apatsidwe madzi owiritsa kapena a m'botolo, agone m'neti poopa malungo, achenjezedwe za likodzo asanasambe m'madzi odikha, ndipo auziretu kuti Juni ndi Julayi ndi miyezi yozizira. Afotokozeredwe kuti polowa m'mudzi amayamba waonekera kwa mfumu, kuti moni sachita mothamanga, ndi kuti chitenje chimapatsa mayi ulemu pakati pa anthu. Nsima ya ndiwo zamasamba ndi nyemba, yoperekedwa ndi madzi osamba m'manja, ndi phwando lokwanira. Si bwino kuti banja losauka likongole ndalama kapena kupha mbuzi yake yokhayo pofuna kusangalatsa alendo amene adabwera kudzalipeputsa mavuto.

Vuto lalikulu lili pa zimene mlendoyo amaonetsedwa. Pali chizolowezi choipa chimene chimamveka m'madera ena, chokometsa umphawi kuti alendo agwidwe chisoni. Ana amauzidwa kuti avule nsapato ndi kuvala zong'ambika, alendo amatengeredwa kunyumba yakugwa kwambiri m'mudzi ngakhale mwana wothandizidwayo sakhalamo, ndipo mwana amene makolo ake ali moyo amatchulidwa wamasiye. Ochita zimenezi amaganiza kuti misozi ya mlendo imabala ndalama. Amaiwala kuti mwanayo akuona zonse, ndipo akuphunzira kuti bodza ndi kudzichepsa ndiyo njira yopezera thandizo. Phunziro lotere limawononga mwana koposa kusowa kwa kope. Kuwonjezera apo, chithunzi chojambulidwa tsiku limenelo chimakafika pa intaneti n'kukhala pamenepo zaka zambiri, ndipo ndicho chimene anthu akunja amayesa nkhope ya Malawi.

Chizolowezi china ndi chobisa zofooka. Madesiki amabwerekedwa kusukulu yoyandikana nayo, mwana amene adalephera mayeso amauzidwa kuti asabwere tsiku limenelo, ndipo mtsikana amene adasiya sukulu chifukwa cha pakati amalowetsedwa m'malo ndi wina mwakachetechete. Kumeneku n'kudziika pamsampha, chifukwa bodza lilibe mwendo. Mlendo amene adapereka ndalama yake ali ndi ufulu womva zoona. Ngati mtsikana adatenga pakati, anenedwe mwaulemu ndi mwachinsinsi, ndipo mlendoyo adziwitsidwe kuti kuyambira mu 1993 dziko lino lili ndi ndondomeko yolola mtsikana wotere kubwerera kusukulu akachira. Wothandiza amene wamva zoona angathe kumudikira mwanayo ndi kumulipirira pobwerera. Koma amene watulukira yekha kuti adanamizidwa amatseka chikwama, ndipo amakauzanso anzake kuti atero. Olangidwa sakhala onamawo ayi, koma ana a chaka chotsatira.

Chifukwa chake mabuku a ndalama ayenera kuyalidwa patebulo mlendo asanawapemphe. Malisiti a kusukulu, mndandanda wa ana, malipoti a teremu iliyonse ndi zotsatira za mayeso a MANEB zikhale poyera. Afotokozeredwe momwe ana amasankhidwira, ndi mbali imene aphunzitsi, makomiti a makolo, magulu a amayi, mafumu ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu amatengapo. Lamulo la mabungwe omwe si aboma, limene lidakonzedwanso mu 2022, likufuna kuti mabungwe alembetse ku NGORA ndi kupereka malipoti a kayendetsedwe ka chuma chawo. Bungwe loyenda m'choonadi silingaope kuonetsa mlendo kalata yake ya kaundula.

Apa ogwira ntchito m'boma ndi atsogoleri a chipani m'madera ali ndi udindo waukulu. Ndi chinthu chochititsa manyazi kuti mkulu wolandira malipiro a boma akane kuperekeza alendo kusukulu mpaka atalonjezedwa alawansi, kapena awakokere pambali kuti alembe mwana wa mlongo wake. Ndi kulakwanso kusandutsa ulendo wa alendo kukhala msonkhano wa ndale. Thandizo la sukulu limapita kwa mwana wosowa ndi wakhama, mosayang'ana mbumba yake, mpingo wake kapena nsalu imene amayi ake amavala pamsonkhano. Mtsogoleri weniweni ndi amene amaonetsetsa kuti mwana wa mayi wamasiye wa kumapeto kwa mudzi sanadumphidwe.

Chitetezo cha mwana nacho sichiyenera kunyengereredwa chifukwa cha ulemu kwa mlendo. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la mu 2010 likugwira ntchito pa aliyense, mbadwa ndi mlendo yemwe, ndipo kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko amati aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana. Motero mlendo asatsale yekha ndi mwana, asamutenge kupita naye kumalo ogona alendo, ndipo asamujambule popanda chilolezo cha mwanayo ndi cha makolo ake. Makalata ndi mphatso zidzere ku bungwe. Kupatsa mwana mmodzi foni kapena ndalama pamaso pa anzake kumadzetsa nsanje m'kalasi ndi mpungwepungwe m'mudzi. Mlendo wa zolinga zabwino sakhumudwa ndi malamulo ameneŵa, chifukwa kwawonso alipo, ndipo amalimba mtima akaona kuti kuno amatsatidwa.

Aphunzitsi aakulu akumbukirenso kuti miyezi imene alendo ambiri amafika ndi yomweyo imene ophunzira amakhala akukonzekera kapena kulemba mayeso a boma. N'kusaganiza bwino kutulutsa ana a Fomu 4 m'kalasi sabata yathunthu kuti aphunzire magule olandirira anthu amene akuwalipirira kuti akhoze mayeso. Magule avinidwe ataweruka. Nthawi ya phunziro mlendo akhale kumbuyo kwa kalasi, aone mphunzitsi akuphunzitsa, awerenge yekha ana amene akugawana buku limodzi. Pambuyo pake akumane ndi amene adathandizidwa kale ndipo lero ndi anamwino, aphunzitsi kapena alangizi a zaulimi. Umboni wotere umalankhula koposa malankhulidwe khumi a akuluakulu.

Mwana wa mnzako ngwako yemwe, adatero makolo. Alendo ameneŵa, ngakhale sadaumvepo mwambiwu, akuutsata ndi ntchito zawo. Chimene Amalawi ayenera kuwabwezera ndi choonadi, mabuku olongosoka ndi ana osungidwa ulemu. Bwanamkubwa aliyense, mfumu iliyonse, mphunzitsi wamkulu aliyense ndi wapampando aliyense wa dera aonetsetse kuti mlendo wobwera koyamba akubwerera kwawo akudziwa kumene ndalama yake idapita, ndi kuti mwana amene adadzamuonayo akadali m'kalasi teremu yotsatira.