Helium si mpweya woseweretsa

Pa maukwati ndi pa zikondwerero za ana masiku ano mabaluni ouluka sasowa. Tifuna kukumbutsa awerengi athu za mpweya umene umawakweza kumwamba, cifukwa ndi wamtengo wapatali kuposa mmene ambiri tiganizira.

Mpweya umenewu ndi helium. Abale ake ndi neon, argon, krypton, xenon ndi radon. Onsewa alibe mtundu kapena fungo, sayaka moto, ndipo sagwirizana wamba ndi zinthu zina. Kufatsa kumeneku ndiko kumawapatsa nchito. Argon amaphimba citsulo poocherera kuti mpweya wakunja usaciononge, ndipo mlimi amene anaocheretsapo paipi ya aluminiyamu kapena cigubu ca mkaka anathandizidwa naye. Neon ndiye amawala mofiira pa zikwangwani za m'tauni.

Koma helium ali ndi nchito ya moyo. Akazizira kufika pa -269°C amasanduka ngati madzi, ndipo ndi amene amaziziritsa maginito a makina a MRI, amene madokotala amaonera matenda a m'mutu ndi a msana popanda kung'amba munthu. Sapangidwa m'fakitale. Amapangika pang'onopang'ono m'miyala ya pansi pa nthaka, ndipo akatulukira kunja amakwera mpaka kucoka pa dziko lapansi, osabwereranso. N'cifukwa cace dziko lonse linachera khutu mu 2016 pamene akatswiri a ku Oxford ndi Durham analengeza kuti apeza helium wambiri ku Rukwa, kwa anansi athu a ku Tanzania.

Palinso ngozi ziwiri. Popeza helium ndi wodula, ogulitsa ena osaona mtima amathira hydrogen m'mabaluni. Hydrogen amauluka bwino, koma akayandikira kandulo kapena mbaula amaphulika ndi kuocha nkhope. Caciwiri, acinyamata ena amakoka helium kuti mau amveke ngati a kamwana. Helium alibe poizoni, koma amalanda malo a mpweya wabwino m'mapapo, ndipo munthu angathe kukomoka ngakhale kufa kumene.

Motero tipempha makomiti a zikondwerero: gulani mabaluni ofufumitsa ndi pakamwa kapena pampu, muwamange pa cingwe. Amakongoletsa cimodzimodzi ndipo ndi ochipa. Mukagula ouluka, funsani cimene cili m'kati ndipo muwaike kutali ndi moto. Makolo, letsani ana kukoka mpweya wa m'baluni. Nawo makhonsolo ayendere ogulitsa m'misika, asadikire kuti mwana ayambe wapsa.