Mapiritsi a tulo kwa agogo: kusiya kwake n'kwa pang'onopang'ono

M'midzi yambiri ya m'chigwa cha Domasi ku Zomba, komwe magetsi sanafike, agogo amalowa m'nyumba kukangoda. Akagona 7 koloko madzulo, pofika 2 koloko usiku tulo tatha. Amenewo ndi maola asanu ndi awiri, okwanira bwino munthu wachikulire. Koma poti kunja kukadali mdima, agogo amadandaula kuti sakugona, ndipo ana awo amakawafunira piritsi.

Mapiritsi odziwika pa nkhaniyi ndi diazepam, yemwe ambiri amamutchula kuti Valium, amitriptyline, ndiponso Piriton, mankhwala a chimfine ndi ziwengo omwe ena amamwera tulo. Onsewa ali pa mndandanda wa Beers, womwe madokotala a ku America akhala akuukonza kuyambira 1991, wa mankhwala oyenera kupewedwa mwa anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo.

Vuto ndi loti thupi lokalamba limachedwa kuchotsa mankhwala. Kafukufuku wa mu 1975 adapeza kuti mwa munthu wa zaka 20, theka la diazepam limachoka m'magazi pakatha maola pafupifupi 20, pomwe mwa wa zaka 80 pamafunika maola ngati 90. Choncho piritsi la Lolemba limakumana ndi la Lachiwiri ndi la Lachitatu, onse n'kuunjikana. Phindu lake n'lochepanso. Mu 2005 magazini ya zachipatala ya BMJ idaphatikiza zotsatira za kafukufuku wa anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo, n'kupeza kuti mapiritsi a tulo amangoonjezera tulo ndi mphindi pafupifupi 25.

Tsono taganizirani kumene kuli chimbudzi cha kumudzi: kuseri kwa nyumba, kodutsa pamatope nthawi ya dzinja, popanda nyali. Gogo wachizungulire akaterereka pamenepo n'kuthyoka fupa la m'chiuno, ulendo ndi wa ku chipatala chachikulu cha Zomba, ndipo ena sadzayendanso ngati kale. Palinso china choopsa kuno kwathu. Mankhwalawa amatha kusokoneza mutu, munthu n'kumaiwala kapena kuyendayenda usiku osadziwa komwe ali. M'dziko lomwe okalamba amapachikidwa ufiti pa zifukwa zazing'ono, gogo wopezeka pakhomo pa eni pakati pa usiku angathe kuona zakuda.

Komatu musathamangire kukataya mapiritsiwo m'chimbudzi. Thupi lomwe lamwa diazepam kwa miyezi limamuzolowera, ndipo kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa kunjenjemera, mantha, kusowa tulo koposa kale, ngakhale kukomoka ngati wakhunyu. Malangizo omwe mabungwe a madokotala ku America adatulutsa mu 2025 akuti poyamba mlingo uzichepetsedwa ndi 5 mpaka 10 peresenti pa milungu iwiri kapena inayi iliyonse. Kwa ena ntchitoyi imatenga miyezi yambiri. Amene amamwa phenobarbitone chifukwa cha khunyu, kapena mankhwala olandira ku chipatala cha matenda a maganizo cha Zomba, asasinthe kalikonse asanaonane ndi dokotala wawo.

Zimatheka kodi? Ku Montreal m'dziko la Canada, kafukufuku wa EMPOWER wa mu 2014 adapatsa okalamba kabuku kofotokoza kuopsa kwa mapiritsiwa ndi ndondomeko yochepetsera. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, 27 pa 100 alionse adali atasiya, pomwe mwa osalandira kabukuko adasiya ndi 5 okha. Adangouzidwa zoona basi. Kwa ife, komwe agogo ambiri sawerenga, kabuku kameneko ndi pakamwa pa namwino, mlangizi wa zaumoyo ndi mdzukulu woperekeza.

Choyamba n'kunyamula mankhwala onse a agogo, olandira kuchipatala ndi ogula pagolosale omwe, pamodzi ndi buku lawo la kuchipatala, n'kukaonetsa ku chipatala cha Domasi kapena cha St Luke's ku Malosa. Kumeneko afufuze chomwe chikubera agogo tulo. Nthawi zambiri ndi chinthu chochizika: nyamakazi, kukodza pafupipafupi chifukwa cha shuga kapena prostate, udzudzu, tiyi wamadzulo, kachasu, kapena chisoni cha maliro. Piritsi la BP lokodzetsa, monga hydrochlorothiazide, likamwedwa madzulo limadzutsa munthu kangapo usiku, ndipo dokotala angathe kungolisunthira m'mawa.