Zoyala m'khola la nkhuku: chachikulu ndi kuuma

Mvula ikakhazikika mu Disembala, makomo ambiri a ku Machinga ndi ku Balaka amakhala ndi dandaulo limodzi: anapiye akuzyolika, zitosi zawo zili ndi magazi, m'khola muli fungo lotulutsa misozi. Ambiri timathamangira kukagula mankhwala pa Liwonde, pa Ntaja kapena pa Ulongwe, chonsecho vuto lili pansi pomwe nkhukuzo zikuponda.

Amene ali ndi khola lam'mwamba, lomwe zitosi zimagwera pansi, ntchito yawo ndi kusesa kunsi kawirikawiri ndi kuyala udzu wouma m'zisa. Koma ngati khola lanu ndi lapansi, lozira kapena lasimenti, pamafunika zoyala zoti zizimwa chinyezi. Tizilombo toyambitsa kamwazi wa nkhuku timatuluka m'zitosi, ndipo pamalo onyowa ndi ofunda timakhwima m'masiku awiri okha n'kukhala tokonzeka kudwalitsa nkhuku ina. Fungo loyabwa lija ndi mpweya wa amoniya, womwe umawononga maso ndi njira yopumira ya nkhuku. Mwana amene amatumidwa kukatola mazira amapumanso mpweya womwewo.

Kwa anthu a ku Machinga, mankhusu a mpunga ndiwo oyamba kuwaganizira. Mpunga umalimidwa kwambiri m'madambo ozungulira nyanja ya Chilwa, ndipo pazigayo zopunthira mpunga mankhusu amaunjikana mulu nyengo yokolola ikadutsa. Ndi opepuka, sagwirana msanga, ndipo akanyowa pang'ono amauma mukangowatembenuza. Musawasokoneze ndi deya wa mpunga, yemwe ndi chakudya ndipo amachita chuku.

Ku Balaka, komwe mpunga ndi wochepa, pitani kwa akalipentala. Zopala za matabwa, zija zopiringizika zotuluka m'puleni, zimamwa madzi bwino kuposa mankhusu. Utuchi wosalala wa sowo nawo umagwira ntchito kwa nkhuku zazikulu, koma uli ndi fumbi, ndipo anapiye a sabata yoyamba amaudya poyesa chakudya. Ngati mulibe china, yalani chiguduli pamwamba pa utuchiwo masiku oyambirirawo. Nyuzipepala yosalala imaterera, miyendo ya anapiye n'kutagadza. Funsaninso ngati matabwawo anapakidwa mankhwala a chiswe kapena oyilo wakuda, ndipo ngati ndi choncho zisiyeni.

Udzu wouma, mapesi ndi zitsononkho sizifuna ndalama, koma muzidule tizidutswa tating'ono. Udzu wautali umagonana, pamwamba n'kumaoneka pouma pansi pakuwola. Makoko a mtedza samalani nawo kwambiri. Akangonyowa amachita chuku, ndipo fumbi la chuku likalowa m'mapapo a anapiye amafa akupuma mobanika.

Kodi muyale zochuluka bwanji? Pakhale kuya kwa masentimita 8 mpaka 10, pafupifupi m'lifupi mwa chikhatho cha munthu wamkulu. Khola la mamita 2 mbali zonse, lokwanira nkhuku zazikulu 12 mpaka 16, limafuna matumba asanu a mankhusu, matumba aja timasungira chimanga cha makilogalamu 50. Kuyala pang'ono pofuna kusunga ndalama kumangochititsa kuti musinthe kawirikawiri.

Njira yoyesera chinyezi ndi yosavuta. Tapani zoyalazo dzanja limodzi, mufinye, kenako mutambasule dzanja. Zikamwazika pang'onopang'ono, zili bwino. Zikatsala zitaumbika ngati mbamu ya nsima, zanyowa kwambiri ndipo zichotsedwe. Zikauluka ngati fumbi zauma mopitirira, zomwe zimachitika m'kutentha kwa Okutobala ku Balaka. Pamenepo onjezerani zatsopano pamwamba, musathire madzi.

Tembenuzani zoyalazo ndi khasu kawiri pa sabata, ulendo wachiwiri ukhale Lachisanu m'mawa kuti Sabata lipeze khola lili bwino. Pomwe pali chomwera madzi ndi pomwe pamanyowa msanga, choncho chiikeni pa njerwa ndipo muzichotsa zonyowa tsiku lomwelo. Denga lodontha likonzedwe, ndipo khola likhale ndi mipata yolowera mphepo. Gulu la nkhuku likagulitsidwa, kapena m'khola mukagwa matenda, tulutsani zonse, mutsuke, mulole khola liume musanayale zina. Phulusa lozizira muike m'beseni lakale pakona kuti nkhuku zizisambamo pochotsa utitiri.

Zotuluka m'kholazo ndi manyowa abwino a kudimba, koma musazithire pamasamba zili zaziwisi. Ziunjikeni patali ndi chitsime ndi khitchini, muzitembenuza, ziwolerane miyezi iwiri kapena itatu. Zitosi zaziwisi zimawotcha mbewu, komanso zimanyamula tizilombo totsekula m'mimba mwa anthu. Aliyense wochokera m'khola asambe m'manja ndi sopo, ndipo ana okwawa asamaseweremo.

Dziwani kuti zoyala zouma siziteteza ku chitopa. Katemera wa I-2, wodontheza m'diso miyezi inayi iliyonse, ndi wofunikabe, ndipo alangizi a ziweto a m'dera lanu angakuuzeni kopezeka.

Nthawi yabwino yosonkhanitsa mankhusu ndi zopala ndi chilimwe, zikadali zouma. Ziyanikeni padzuwa tsiku limodzi, muzilongeze m'matumba, muzisanje pa mitengo pansi pa denga. Ofunafuna zoyala mu Januwale amapeza milu yonse itavumbwa kale.