Mapepala Akale Si Oyatsira Moto

Pakati pa Mpika ndi Chinsali, m'cigawo ca Muchinga, pali nyumba yaikulu ya njerwa yochedwa Shiwa Ng'andu. Mwini wace anali Sir Stewart Gore-Browne, Mngelezi amene anaona malowa m'caka ca 1914, nabwera kudzamangapo itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Iye anamwalira mu 1967, ndipo Boma linamuika m'manda mwaulemu waukuru.

Alendo ocezera nyumbayi amaona cipinda codzala ndi mabuku akale. Koma cuma ceni-ceni cimene mkuluyu anasiya ndico zolemba za dzanja lace: makalata ambiri-mbiri opita kwa Ethel Locke King, mlongo wa atate ace, ndi mabuku m'mene analembamo zocitika za tsiku ndi tsiku. Christina Lamb anawerenga mapepalawa polemba buku lace The Africa House, limene linaturuka mu 1999. Mbiri ya Shiwa idziwika kutali cifukwa anthu sanataye mapepala.

Nanga ife a ku Rufunsa, kwa Mfumu Mpanshya, kwa Shikabeta ndi kwa Bunda Bunda? Nafenso tili nazo zolemba. M'masutikesi a agogo muli makalata ocokera ku migodi, zitupa za m'nthawi ya atsamunda, makadi a UNIP, mapepala a ubatizo ndi mabuku oyamba a sukulu. Cacisoni ncakuti ambiri adyedwa ndi ciswe ndi makoswe, ena avunda ndi denga lodontha, enanso ana akulungira zitumbuwa. Tsiku lobuka mlandu wa munda kapena wa ufumu, mboni zonse zili kumanda, pepala lija lifunika koma palibe.

Kusunga sikulira ndalama zambiri. Ikani mapepala m'bokosi lacitsulo, pamwamba, patali ndi utsi ndi cinyezi. Musawamate ndi selotepu, pakuti zomatira zace zidetsa pepala. Kumbuyo kwa cithunzi lembani ndi pensulo maina a anthu ndi caka. Ngati muli ndi pepala lokhudza mbiri ya dziko, kafunseni nzeru ku National Archives of Zambia ku Lusaka.

Aphunzitsi, tumani ana akhale pansi ndi agogo ao, alembe zimene akumbukira zaka zisanawamalize. Mau a akulu akoma akagonera, koma agonera bwino ngati alembedwa ndi kusungidwa.