Nthondo akanabadwira ku Mgona tikanamuotcha

M'makalasi a Chichewa Nthondo amatchulidwa ngati chitsanzo: onani ana inu, munthu amasintha. Ine ndikukana. Mnyamata ameneyu si wosiririka ayi. Ndi wakuba, wovutitsa anthu akwawo, ndipo Samuel Josia Ntara sanamubisire zimenezi m'buku lake lomwe linatuluka mu 1933.

Tisaiwale komwe nkhaniyi inachokera. Ntara anali mphunzitsi wa mishoni ku Nkhoma, m'boma lathu lomwe lino la Lilongwe. Bukuli linapambana mpikisano wa International Institute of African Languages and Cultures, ndipo mu 1934 T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa. Mphunzitsi wa mishoni akanamaliza bwanji nkhani ya wakuba? Mmene anamalizira momwemo: mnyamata akula, alowa ufumu, atembenuka mtima. Timaombera m'manja mathero amenewo, n'kuiwala dala amene anaberedwa m'njiramo. Iwowa palibe mwana wa fomu 4 amene amawalira.

Koma chondiwawa kwenikweni chili pano. Nthondo anasintha chifukwa anthu akwawo anamusiya ndi moyo mpaka nzeru zinabwera. Ankamudzudzula, nkhani zake zinkakambidwa, koma anakhalabe mwana wa pamudzi. Ngati m'bukumo muli wofunika ulemu, ndi mudziwo.

Tsono bwerani naye Nthondo yemweyo pamsika wa Mgona, kapena pa siteji ya minibasi ku Chinsapo. Kamnyamata kosavala nsapato katsomphola foni m'manja mwa mayi. Wina akuwa, "Wakubaaa!" Akabaza asiya njinga, ogulitsa makala asiya matumba. Mwala woyamba ugwa, wina akugubuduza kale tayala, wina wathamangira petulo wa m'kabotolo, ndipo mafoni ali m'mwamba kujambula kuti madzulo zizungulire pa WhatsApp. Palibe afunsa kuti mwanayu ndi wa yani, kapena anadya liti. Pagulu limenelo pali anthu amene analemba pamayeso a MSCE kuti bukuli likutiphunzitsa kusataya mtima pa mwana wopulupudza, n'kukhoza bwino lomwe. Chinyengo chotani chimenechi?

Musandimve molakwika, sindikuikira kumbuyo umbava. Mayi woberedwayo mwina foniyo anaigula ndi ndalama ya banki m'khonde, ndipo mpamba wake wonse unali mu Mpamba momwemo. Mkwiyo wake ndi womveka. Koma kusirira wakuba wa papepala uku tikupha wakuba wa pamsewu ndiye misala. Wa m'bukuyo tamupatsa zaka zambirimbiri zoti asinthe. Wa ku Biwi sitimupatsa ngakhale mphindi zoti apolisi a ku Kawale afike.

Lamulo lilipo. Loteteza ana la 2010 limati mwana wolakwa asungidwe mosiyana ndi akuluakulu ndipo athandizidwe kusintha khalidwe, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Malo akale osinthirako khalidwe, Mpemba ndi Chilwa, ali ku Blantyre ndi ku Zomba, kutali ndi mayi wa ku Area 23 amene alibe ya basi yokaonera mwana wake. Aphungu a Lilongwe, makhansala ndi mafumu a m'mabuloko, zimenezi mumazikamba liti? Pamaliro a anyamatawa mumabwera, ndipo mumakhala pamipando ya kutsogolo.