Ndege zing'onozing'ono: ngozi zambiri zimachitika potera

TETE. Mvula ikayandikira, nkhani ya mabwalo a ndege a dothi imabukanso m'maboma a m'malire monga Angónia ndi Macanga. Pamabwalo otere pamatera ndege zing'onozing'ono monga Cessna 172, ya anthu anayi, yomwe inayamba kugulitsidwa mu 1956.

Ku America, kumene ndege zotere n'zochuluka, malipoti amasonyeza chaka ndi chaka kuti ngozi zambiri zimachokera kwa piloto, osati kwa injini, ndipo nthawi yotera ndiyo imaposa zonse. Mwamwayi zambiri mwa ngozi za potera sizipha anthu, koma ndege imaphwasuka.

Cholakwa chachikulu ndi liwiro. Cessna imayenera kutsika ikuthamanga pafupifupi makilomita 120 pa ola. Liwiro likaonjezeka ndi gawo limodzi mwa magawo 10, mtunda woti iime umatalika ndi magawo awiri mwa 10. Mphepo yochokera kumbuyo imaonjezanso mtundawo, ndipo pa udzu wonyowa mabuleki sagwira. Ku Ulónguè, komwe n'kokwera mamita oposa 1,200, mpweya ndi wopepuka, choncho ndege imagunda pansi ikuthamanga kwambiri. Kutentha kwa ku Tete, kopitirira madigiri 40 mu Novembala, kumachitanso chimodzimodzi. Piloto wanzeru akaona kuti sizili bwino amaonjeza moto, n'kukweranso, n'kuzungulira. Wamanyazi amakakamira kutera, n'kukathera m'chimanga.

Komabe mawu akuti “walakwa ndi piloto” anthu a dziko lino sawalandira msanga. Pa 19 Okutobala 1986, Pulezidenti Samora Machel ndi anthu ena 34 anafera ku Mbuzini. Komishoni ya Margo ya ku South Africa inaloza chala oyendetsa ndegeyo, koma boma la Mozambique linafuna kuti afufuzenso za chizindikiro chabodza cha wailesi. Mlandu wa ndege suthera pa munthu mmodzi.

Ndi mmenenso zilili kumudzi. Piloto angachite zonse bwino, koma ng'ombe ikalowa m'bwalo, kapena gudumu likagunda chulu kapena njira yokumbika ndi ngolo, ndege imagubuduka. Nsalu yosonyeza mphepo ikabedwa, amatera mongoganizira.

Apa mafumu ndi akuluakulu a boma ali ndi ntchito: kutchetcha udzu, kugumula zulu, kukwirira maenje ndi kuuza abusa ndi ana kuti akamva kulira kwa ndege apatuke. Ndege yomweyo mwina ndiyo idzanyamule mayi wodwala tsiku limene mlatho wakokoloka.