Posintha kampani ya inshuwalansi, musasiye bonasi yanu m'mbuyo

Nyengo yogulitsa mbeu ikafika, ndalama ya cimanga, soya ndi fodya ikayamba kulowa, alimi a ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi amene ali ndi magalimoto amakumbukira zinthu ziwiri: road tax ndi inshuwalansi. Ndi nthawi yomweyo imene ma ajenti a makampani a inshuwalansi amaculuka m'matauni, aliyense akunena kuti kwao ndiko kochipa. Ena akugulitsa ngakhale pa foni. Kusankha kampani ndi ufulu wathu, ndipo sitinena kuti munthu amamatire pamodzi moyo wake wonse. Cimene catidetsa nkhawa ndi cakuti ambiri a ife, posamuka, timasiya m'mbuyo cuma cimene tinacigwirira nchito zaka zambiri. Cuma cimeneci m'mapepala a inshuwalansi cimalembedwa kuti No Claim Discount, ndipo anthu amangociti bonasi.

Tiyambe ndi kumene mpikisano umenewu unacokera. Zambia State Insurance Corporation inakhazikitsidwa mu 1968, ndipo kwa zaka pafupi-fupi 20 inali yokha pa malonda a inshuwalansi m'dziko muno. Masiku amenewo nkhani yosamutsa bonasi kunalibe, popeza kosamukira kunalibe. Boma litatsegula malonda kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, makampani monga Madison ndi Professional anayamba nchito, ndipo ena ambiri anatsatira. Lero onsewa amayang'aniridwa ndi Pensions and Insurance Authority, pansi pa lamulo la inshuwalansi la 2021 limene linalowa m'malo mwa lija la 1997. Makampani aculuka, mitengo yasiyana, koma cizolowezi cathu cikali cakale: timapereka ndalama, timalandira kapepala komata pa galasi, basi tapita.

Kodi bonasi imeneyi ndi ciani kweni-kweni? Kampani ya inshuwalansi imaika mtengo poyesa kukula kwa ngozi imene ikusenza. Munthu amene watha caka cathunthu osapempha kampani kumulipirira kanthu waonetsa kuti ndi wosamala, motero caka cotsatira amamucotserako pa malipiro. Akatha caka cina, amamucotsera koposa, mpaka pa malire amene kampaniyo inaika. Akacita ngozi ndi kulipiridwa, bonasi imatsika kapena kutheratu. Kampani iriyonse iri ndi makwerero ake, ndipo zimenezi zimalembedwa m'pangano lija ambiri timalisunga m'galimoto osaliwerenga. Kawiri-kawiri bonasi imayendera inshuwalansi ya comprehensive, imene imalipira ndi galimoto yanu yomwe. Ya third party, imene lamulo la pamseu la 2002 limakakamiza galimoto iriyonse kukhala nayo, imateteza anthu ena amene mungawapweteke. Tsono amene mumagula third party yokha, funsani poyera ngati zaka zanu zikuwerengedwa.

Kuti tione kulemera kwa nkhaniyi, tiyerekeze ndi mlimi wa Canter yonyamula mbeu. Ziwerengero izi ndi zongofanizira cabe. Tinene kuti mtengo wa comprehensive pa kampani yake ndi K12,000 pa caka, ndipo cifukwa ca zaka zisanu zopanda ngozi amamucotsera 30 peresenti. Iye amalipira K8,400. Ajenti wa kampani yina amuuza kuti: "Kwanuko ndi K12,000, kwathu ndi K10,500." Mau amenewa ndi oona, koma mlimi akasamuka cimanja-manja adzalipira K10,500 yonse, kutanthauza K2,100 pamwamba pa imene anali kulipira. Akapita ndi umboni wa zaka zake, kampani yatsopano nibvomera kumucotsera 30 peresenti yomweyo, adzalipira K7,350. Kusiyana kwa wopita ndi kalata ndi wopita wopanda kalata ndi K3,150. Pa mtengo wa K330 umene Food Reserve Agency inagulira thumba la cimanga la makilo 50 mu 2024, amenewo ndi matumba opitirira 9, otayika cifukwa ca pepala limodzi.

Kampani yatsopano sikudziwani. Kuti mwayenda pa Great East Road zaka khumi osagunda ngakhale mbuzi, iwo sanaone. Cimene amakhulupirira ndi kalata yocokera ku kampani imene mukuisiya. Kalatayo ikhale ndi dzina lanu monga liriri pa NRC, nambala ya pangano, nambala ya galimoto, tsiku limene inshuwalansi inayamba ndi limene ikutha, zaka zimene mwakhala osalipiridwa, ndiponso cidindo ca kampani. Ipempheni inshuwalansi yakale isanathe, ndipo yambani mwatsiriza ngongole ngati mumalipira pang'ono-pang'ono, pakuti ndi kobvuta kupempha umboni wabwino kwa munthu amene muli naye ngongole. Mukaitenga, musapereke ndalama ku kampani yatsopano mpaka atakulemberani mtengo umene bonasi yacotsedwa kale. Lonjezo la pakamwa la ajenti silidzapezeka mu ofesi tsiku la mabvuto.

Pali misampha itatu imene imagwira maka-maka ife a kumidzi. Woyamba ndi kudukiza. Ambiri timagula inshuwalansi ya miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi pa nthawi ya malonda, ndipo mvula ikagwa, miseu ikaonongeka, galimoto timaiimika pansi pa mtengo. Koma bonasi imawerengedwa pa miyezi 12 yosadukiza. Wogula zidutswa-zidutswa angathe zaka zisanu ndi ziwiri pa mseu osapeza ngakhale caka cimodzi colembedwa. Cimodzi-modzi wosamuka pakati pa caka: miyezi imene wadutsa ingapite pacabe. Nthawi yabwino yosintha ndi tsiku limene pangano likutha. Ndiponso kalata ya bonasi simakhala ndi mphamvu mpaka muyaya. Ku Britain makampani ambiri amailandira ngati sipanapite zaka ziwiri. Kuno kwathu funsani kampani imene mukupitako kuti malire ao ndi otani.

Msampha waciwiri ndi dzina. Bonasi imatsata munthu amene dzina lake liri pa pangano. Mukagula galimoto kwa munthu wosamala, zaka zake zimapita naye. Mukagulitsa yanu ndi kugula yina, zaka zanu mungapemphe kuti zisamukire pa yatsopanoyo, koma kawiri-kawiri bonasi imodzi imagwira pa galimoto imodzi cabe. Bvuto ndi lakuti magalimoto ambiri m'maboma athu akuyenda ndi white book ya mwini wakale, ndipo inshuwalansi imagulidwa m'dzina lomwelo. Mwini weni-weni amalipira caka ndi caka, koma mbiri yabwino ikulembedwa kwa munthu wa ku Lusaka amene anaiwala kale za galimotoyo. Sinthani dzina ku RTSA, ndipo inshuwalansi ilembedwe m'dzina lanu. A makomiti a zacuma m'maparishi ndi m'makopaletivu nawonso aonetsetse: galimoto ya gulu iri ndi zaka zake m'dzina la gulu, ndipo msungicuma akasintha, mapepala amenewa aperekedwe kwa wolowa m'malo pamodzi ndi mabuku a ndalama.

Msampha wacitatu ndi bodza, ndipo ndiwo woopsa koposa. Pa fomu ya kampani yatsopano pamakhala funso lakuti kodi munacitapo ngozi kapena kulipiridwa m'zaka zapitazi. Munthu amayesedwa kulemba kuti ai, kapena kuonjezera zaka pa kalata, ndipo nthawi zina ajenti wofuna komishoni ndiye amamulimbikitsa. Pangano la inshuwalansi limaima pa kunena zoona. Kampani ingalandire ndalama zanu mwakacetecete, koma tsiku limene Canter yagubuduzika ndi matumba 60 pa zitunda za ku Luangwa, idzafufuza mbiri yanu yonse. Ikapeza kuti munabisa, iri ndi cifukwa cokanira kulipira. Pamenepo mwapulumutsa K3,000 ndi kutaya galimoto.

Tinenepo za mbali yina imene anthu amaisokoneza. Popeza kulipiridwa kumatsitsa bonasi, ndi nzeru kuwerengera musanapemphe malipiro pa kanthu kakang'ono. Ngati kukonza nyali ndi bampa ndi K3,000, ndipo gawo limene pangano limati mudzilipirire nokha, lija amati excess, ndi K1,500, kampani idzangopereka K1,500 ndipo inu mungataye yoposa pamenepo caka camawa. Apo kukonza ndi ndalama ya m'thumba kungakhale bwino, ngakhale kuti pangano lingafunebe kuti muwadziwitse za ngoziyo. Koma pamene munthu wapweteka, kaya ndi wa njinga, kaya ndi mwana wa sukulu, kuwerengera kumeneku kulekeke. Pitani ku polisi, dziwitsani kampani, wopwetekayo athandizidwe. Inshuwalansi ya third party inaikidwa cifukwa ca iyeyo. Kumunyengerera ndi K500 pambali pa mseu kuti bonasi isakhudzidwe ndi kumubera cimene lamulo linamupatsa.

Kwa makampani ndi owayang'anira tiri ndi pempho. Ngati mpikisano ndi wabwino, monga tinauzidwa pamene malonda anatsegulidwa, uyenera kufika ndi kwa mlimi wa ku Vubwi amene sangakwere basi kawiri kukatsata kalata imodzi. Tipempha a Insurers Association of Zambia ndi a Pensions and Insurance Authority kuti zaka za bonasi zizilembedwa poyera pa cidziwitso ciriconse cokonzanso inshuwalansi, kuti pepala lomwelo likhale umboni kulikonse kumene munthu apita. Tipemphanso kuti ma ajenti azifunsa za bonasi asanachule mtengo, ndi kuti mau akulu-akulu a pangano amasuliridwe m'zinenero zathu. Kampani imene icedwetsa kalata dala kuti munthu asacoke ikumugwira ndi cingwe cimene sanabvomere. Wocitidwa zotere alembe dandaulo ku kampaniyo, asunge kope, ndipo ngati sayankhidwa apite nalo ku Pensions and Insurance Authority, imene imalandira madandaulo a anthu ogula inshuwalansi.

Akulu anati safunsa anadya phula. Caka cino, musanapereke ndalama ya mbeu zanu kwa ajenti aliyense, tulutsani pangano lakale, onani tsiku limene likutha, ndipo funsani mafunso atatu: ndiri ndi zaka zingati za bonasi, kodi inu mudzazilandira zonse, nanga mtengo wotsiriza wolembedwa ndi zingati? Akakuyankhani bwino ndi kulemba, samukani ndi mtima umodzi. Akayamba kuzungulira, bwezani ndalama m'thumba, kafunseni kwina.